Sizasi, Pulinta ndi Ndege za Pepala

Inu amene mwadzuka lero mukuona ngati dziko lakufulatirani, kokani mpando. Ndikuuzeni za mayi wina, telala, amene sizasi inamugwa m'manja.

Inamugwa zenizeni, osati mokuluwika. Unali m'mawa, ali mushopu yosokera zovala, akudula nsalu ya diresi ya mkwatibwi. Dzanja lamanja linangoti zii, sizasi n'kutsetsereka, kung'amba nsalu yoyerayo kuchokera pachifuwa mpaka m'chiuno. Anafuna kunena kuti pepani, koma pakamwa panapotokera kumbali. Anzake anamunyamula kuthamangira naye kuchipatala, ndipo madokotala anati ndi sitiroko.

Pakamwa panabwerera, mwendo nawonso unabwerera. Dzanja ndi limene linakana. Zala zinapindikira m'kati ngati zabisa kanthu, ndipo sizinkamva za munthu.

Mwini shopu anabwera kudzamuona atanyamula zipatso. "Musadandaule, malo anu tikusungirani," anatero. Mawu amenewa mukadzawamva, abale anga, dziwani kuti pampando panu pakhala kale munthu wina.

Kunyumba kwake kunali chipinda chogona ndi kabalaza. Pabalazapo panali tebulo lalitali lodulirapo nsalu, makina osokera atavundikiridwa, ndi mwana wake wamkazi wa ku pulayimale, amene aliyense ankamutchula kuti Namzeze chifukwa sankatha kukhala pansi. Za bambo a mwanayo musandifunse zambiri. Anapita kokagula mabatire a wailesi mwana ali wakhanda, ndipo zikuoneka kuti mpaka pano sanawapeze.

Namzeze uja anasiya kuuluka. M'mawa ankamanga mayi ake mabatani, kuwapesa, kutsuka makapu, kenako n'kuthamangira kusukulu belu litalira kale. M'kalasi ankasinza. Pobwera ankafikira pabeseni yochapira.

Tsiku lina kunabwera achemwali ake a telalayo, mayi wogwira ntchito muofesi, wolankhula kamodzi osabwereza. Anabwera ndi chikwama chatsopano, chabuluu, chamatayala.

"Mwanayu ndimutenga," anatero, asanamwe ndi tiyi yemwe. "Taona maso ake. Iye ndiye akukumanga mabatani m'malo moti iwe uzimumanga iye."

"Achemwali, dzanja lapita, ntchito yapita. Munditengerenso mwana?"

"Sindikukulanda, mng'ono wanga. Ndikukupatsa teremu ino. Ikamatha usanapeze chochita chogwirika, chikwamachi chidzatuluka ndi mwini wake. Akakhala kwathu, akaphunzira, uzidzamuona pa holide."

Chikwamacho anachiimika kuseri kwa chitseko n'kumapita.

Musawade achemwaliwa. Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka. Akanakhala munthu wankhanza, telala akanatukwana n'kupepukidwa mtima. Koma awa ndi amene anamusambitsa kuchipatala. Choncho anangokhala patebulo lake lalitali, dzanja lende, akuyang'ana chikwama. Nthawi iliyonse akatseka chitseko, chikwamacho chinkamuyang'ananso.

Kuchipatala ankapitabe kukalimbitsa dzanja. Amene ankamuthandiza anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, amene odwala onse ankamutchula kuti Mayi Finyani, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo mawu ake anali amodzi: "Finyani! Finyaninso!" Ankapatsa munthu kampira kofewa kuti azikafinya.

Tsiku limenelo telala anakaika kampirako pansi.

"Ndatopa nako. Ine ndinkadula suti ya munthu pongomuyang'ana. Lero ndizifinya mpira ngati khanda?"

Mayi Finyani sanamunyengerere. Anang'amba pepala pa kalendala yakale n'kumuikira patsogolo.

"Chabwino, a suti. Pindani ili pakati. Ndi dzanja lomwelo, lamanzere lizingothandiza. Tsopano ngodya iyi ibwere apa. Inayonso chimodzimodzi. Kandikizani ndi chala. Finyani!"

Thukuta linatuluka. Pomaliza m'manja mwake munali kandege ka pepala, kokhota mphuno, komvetsa chisoni. Atakaponya kanagwera paphazi pake pomwepo.

"Ntchito yakunyumba ndi imeneyo," anatero Mayi Finyani. "Muzipinda tsiku lililonse mpaka zala zimve."

Madzulo Namzeze anakapeza kandegeko patebulo. Anakaponya, kanazungulira n'kugwera mubeseni ya madzi. Mwanayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi ake anazindikira kuti kuseka kumeneku anali atakuiwala m'nyumbamo, ndipo anatenga pepala lina.

Koma telala ndi telala. Diso lake silinkalola chinthu chokhota. Munthuyu ankati akakhala kumbuyo kwanu m'basi, ulendo wonse akuwawidwa mtima ndi kolala yanu. Ndege ikagwa ankaitola, kuifunyulula, kuiyala patebulo n'kumayang'ana mizere imene mapindidwe asiya.

"Iyi ndi patani," anadziuza. "Patani ngati ya malaya, kungoti ilibe mabatani."

Anayamba kujambula mizereyo pepala asanalipinde. Rula ankaipanikiza ndi dzanja lodwalalo, pensulo ili kumanzere. Anayeza, anajambula mosamala, mizere yowongoka bwino. Koma ndege zake zoyezedwazo zinkagwa msanga kuposa zongopinda mwachisawawa. Zinkati zikanyamuka, mapiko lepelepe, kenako phi pansi.

Namzeze anatola imodzi n'kuitembenuza.

"Amama, kam'mphepete aka n'kachiyani? Phiko lililonse lili ndi kotsala."

"Ndi malo a msoko amenewo."

"Kodi ndegeyi muisoka?"

Telala anayang'ana pepala, kuyang'ana mwana, n'kuphulika kuseka. Zaka zonse zija dzanja linazolowera kusiya kampata ka chala m'mbali mwa patani iliyonse kuti singano idzapeze podutsa, ndipo chizolowezicho chinasamukira kumanzere osapempha chilolezo. Anafufuta malo a msoko onse. Ndege yotsatira inadutsa pabalaza, kutulukira pakhomo, kukatera pa chingwe cha zovala cha aneba.

Kuyambira pamenepo pakhomo pake panasanduka bwalo la ndege. Ana a mumsewu wonse ankabwera ndi mapepala othothola m'makope, aliyense akufuna amujambulire mizere. Dzanja lamanzere limajambula mochedwa, moti wina ankalira asanafikiridwe.

Kumapeto kwa msewuwo kunali bambo wa fotokope. Ataona mapepalawo anapukusa mutu.

"Mayi, mukudzipha. Jambulani kamodzi pakompyuta, muzingosindikiza. Ndili ndi laputopu yakale ndi pulinta yaing'ono, zangokhala m'katoni. Mkazi wanga wandisowetsa mtendere, akufuna makina osokera. Bwanji tisinthane?"

Usiku umenewo telala anakhala pafupi ndi makina ake. Makinawo anawagula ali mtsikana, ndipo phokoso lake ndi limene linkagoneka Namzeze ali khanda. Anawavundukula, kuwapukuta, kuthira mafuta paliponse pamene ankathira kale. Anayesa kulowetsa ulusi pasingano, koma zala zinakana. Anaitana bambo wa fotokope kuti adzanyamule. Sizasi yokha ndi imene anaibisa m'dirowa, ngakhale sankadziwa kuti adzaichita chiyani.

Achemwali atamva anafika mpweya uli m'mwambamwamba.

"Wasinthanitsa makina ndi zidole? Sitiroko ija inakafikanso kumutu?"

"Makina amafuna manja awiri, achemwali. Ine ndili ndi limodzi ndi theka."

"Ndiye mwana azidya ndege?"

Achemwali anayang'ana chikwama kuseri kwa chitseko n'kutuluka.

Kujambula pakompyuta ndi dzanja lamanzere si masewera. Masiku oyambirira mzere unkanyamuka bwinobwino n'kukathera kwina, ngati mbuzi yoduka chingwe. Bambo wa fotokope anamuonetsa kabatani kobweza zimene walakwitsa, ndipo telala anakakonda kuposa china chilichonse. "Nsalu ikanakhala ndi kabatani aka," ankatero, "bwenzi atelala tonse tili ndi mitima yabwino."

Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira. Mzere wamadontho unkatanthauza kupindira m'kati, wodukaduka kupindira kunja. Pa mzere uliwonse anaikapo nambala yaikulu kuti mwana asasochere. Poyamba ankadzaza mapiko ndi mitundu yowala, koma anaona kuti inki yambiri imanyowetsa pepala n'kulilemeretsa, choncho anasiya mapiko oyera kuti ana azikongoletsa okha ndi makrayoni. Patani iliyonse ankaiyesa m'kanjira ka pakati pa nyumba yake ndi ya aneba, kumene mphepo siinkafika. Inalipo yamphuno yaitali, yothamanga. Inalipo yamapiko aakulu, youluka mwaulesi ngati siikufuna kutera, ndipo iyi anaitcha Namzeze.

Ndipo zala zija, popinda ndi kukandikiza tsiku ndi tsiku, zinayamba kutseguka. Batani loyamba limene anadzimanga yekha linali pa bowo lolakwika, koma anayenda nalo tsiku lonse osalikonza.

Kenako kunabwera uthenga woti akufunidwa kusukulu. Atafika muofesi anapeza patebulo la mphunzitsi wamkulu pali mulu wa ndege zolandidwa m'makalasi.

"Izi ndi zanu, mayi?"

"Ndi zanga, aphunzitsi. Pepani, ndiwaletsa."

"Musawaletse. Mnyamata amene sadziwa theka la chinthu pabolodi, ndamuona akupinda theka la theka osalakwitsa. Mubwere mudzawaphunzitse masana ena. Zikayenda, muzibwera sabata iliyonse, ndipo ndi ntchito, si chithandizo ayi. Ndidzauzanso anzanga a masukulu ena. Patani yanuyo ingotitumizirani pafoni, tisindikiza tokha kuno kuti inki yanu isathe."

Anatuluka muofesimo mapazi osagunda pansi. Asanafike ndi kunyumba komwe anaimbira achemwali ake kuti adzaonerere.

Tsikulo linafika. Holo inadzaza ana, aphunzitsi ataima m'mbali, achemwali atakhala kumbuyo, kachikwama kam'manja kali pamiyendo. Mapepala anagawidwa. Telala anaima kutsogolo n'kumawatsogolera, nambala ndi nambala, ndipo ana anatsatira mizere mokhulupirika. Anawafoletsa kukhoma. "Konzekani. Ponyani!"

Palibe ndege imene inafika pakati pa holo. Iliyonse inkangonyamuka, kupendekera kumanzere, kuzungulira, n'kudzibaya pansi. Zina zinabwerera kudzagunda eni ake.

"Ndege zaledzera!" anakuwa mwana wina, holo yonse n'kugwa nacho chiseko.

Anayesanso, zomwezo. Mphunzitsi wamkulu anayang'ana wotchi yake, kuthokoza mwaulemu uja wopweteka kuposa chipongwe, n'kuuza ana atole zinyalala. Achemwali anaimirira kumbuyo kuja. Anawerama, kutola ndege imodzi yopunduka, kuiika m'kachikwama kawo, n'kutuluka.

Telala anafika kunyumba ali ndi manyazi. Anapeza chikwama chabuluu chili chotsegula pansi, Namzeze atagwada pambali pake, akuikamo masokosi.

"Ukutani?"

"Ndikungoyesa ngati zikwane, amama." Mwanayo sanadzutse mutu. "Kuti tsikulo musadzavutike kulongedza ndi dzanja limodzi."

Apa ndi pamene ambiri timagonjera, ndipo sindingamuweruze munthu wogonja pamenepa. Kulephera uli wekha kumapiririka. Koma kulephera pamaso pa holo yodzaza, pamaso pa munthu amene anakuchenjeza, kenako mwana wako n'kumakutonthoza, kumathyola msana. Telala analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni, ndipo laputopu anaitseka n'kuikankhira pansi pa bedi.

M'mawa mwake, mwana atapita kusukulu, diso la utelala linayamba kumuyabwa. Patani yomweyo inauluka kambirimbiri m'kanjira kake. Inalakwa chiyani m'holo? Anali atabwerako ndi pepala limodzi losapinda la kusukulu. Analisanjika pa lake la kunyumba n'kuwagunditsa pagalasi la windo kuti dzuwa liwale kudutsa onse awiri.

Mizere siinakumane. Pulinta ya kusukulu inali itachepetsa chojambula chonse pang'ono, n'kuchikankhiranso mbali imodzi. Mzere wapakati sunalinso pakati pa pepala. Mwana aliyense amene anamvera malangizo ake anapanga ndege ya phiko limodzi lalikulu, lina laling'ono.

"Mayo ine," anatero yekha. "Ndasoka diresi yokwana munthu mmodzi, n'kukaveka mtundu wonse."

Kudziwa vuto kunamupepuza pang'ono, koma sikunamupatse njira. Sakanayenda m'masukulu onse kukawongola mapulinta a eni ake. Iliyonse ili ndi khalidwe lake, ina imakokera kumanja, ina imadya m'munsi. Anaganiza mpaka mutu kuwawa, kenako anati basi, zakanika, bola ndimulongedzere bwino mwanayu asakachite manyazi kwa eni.

Anatenga diresi ya Namzeze kuti aipinde. Anaigwira m'mapewa, kuipinda pakati, mkono kugona pa mkono unzake ndendende. Anaima chomwecho, diresi ili m'manja.

N'chifukwa chiyani mikono ya diresi imafanana? Si chifukwa choti telala ali ndi diso la mngelo. Phunziro loyamba penipeni la utelala, limene anaphunzira asanaloledwe kukhudza makina, ndi lakuti nsalu umayamba waipinda pawiri, patani n'kuigoneka pa mpindo, kenako n'kudula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ukatero, kumanja sikungasiyane ndi kumanzere ngakhale utafuna.

Diresi anaiponya pabedi, n'kugwada kukoka laputopu.

Anafufuta theka lonse la ndege. Anasiya mzere umodzi wakuda, wonenepa, ndi chithunzi cha phiko limodzi chotsamira pa mzerewo. Pamwamba analemba mawu ochepa: Pindani pa mzere wakuda. Musafunyulule. Dulani mapepala onse awiri pamodzi. Mizere ina yonse anaiyeza kuchokera pa mzere wakudawo, osatinso kuchokera m'mphepete mwa pepala. Pulinta ikankhe mmene ingakankhire, zotsala zidzagwa ndi sizasi. Ichepetse mmene ingachepetsere, ndege idzangokhala yaing'ono, koma yofanana mapiko.

Anasindikiza, dala atalowetsa pepala mokhotetsa. Anapinda pa mzere wakuda. Tsopano panafunika wodula, ndipo m'nyumbamo munalibe wina.

Anatsegula dirowa. Sizasi ija inali pomwe anaisiya, yolemera, yozizira. Chigwereni m'shopu anali asanailowetsenso chala. Ndi dzanja lamanzere anatenga chala chachikulu cha kumanja n'kuchilowetsa pabowo, kenako zinazo. M'khutu mwake munamveka mawu a mayi wamfupi uja, ndipo anafinya.

Sizasi inaluma pepala. Inayenda mogwedezeka, kulumpha mzere apa, kulowa m'kati apo, dzanja likunjenjemera mpaka m'chigongono. Kudula kwake kunali koti akanakuona kwa wophunzira wake kale, akanamulanda sizasi. Koma atafunyulula anaona kuti pamene phiko lamanja lakhota, lamanzere lakhotanso chimodzimodzi.

Anamaliza kupinda, kutuluka m'kanjira kaja, n'kuponya. Ndege inawongoka bwinobwino, kuyandama, kukatera kumapeto kwenikweni pafupi ndi mpopi. Telala anakhala pansi pomwepo, sizasi ikadali ku zala, n'kupuma mpweya umene anaugwira chigwereni sizasi m'shopu muja.

Ulendo uno sanakhulupirire pulinta imodzi. Anayenda nayo patani pafoni ngati telala woyeza makasitomala. Bambo wa fotokope anasindikiza pa chimakina chake chachikulu, inauluka. Mtsikana wa m'sitolo ya mankhwala anasindikiza pa kapulinta kake, inauluka. Mayi Finyani anasindikiza kuchipatala, ndipo ataona telala akudula yekha anaiwala ndege, n'kumugwira dzanjalo kulitembenuza uku ndi uku.

"A suti, mwayamba liti zimenezi osandiuza?"

Kubwerera kwa mphunzitsi wamkulu ndi kumene kunafuna mtima. Bamboyo atamuona pakhomo anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Mayi, teremu yatsala pang'ono kutha, ndipo tsiku lija ana anasokonekera kwambiri."

"Sindikupempha holo, aphunzitsi. Ndikupempha pepala limodzi, pa pulinta yanu yomwe ija. Mupinde nokha, mudule nokha. Ikagwa, simudzandionanso."

Bamboyo anasindikiza monyinyirika. Chojambula chinatuluka chokankhikira kumbali monga mwa nthawi zonse. Anapinda, kudula, kupindanso, n'kuponya mosafuna. Ndege inatulukira pakhomo la ofesi, kudutsa khonde lonse, kukagunda pachipumi pa mlonda amene ankasinza pampando.

Mphunzitsi wamkulu anatsokomola kubisa chiseko. "Mubwere Lachinayi," anatero.

Lachinayilo holo inadzaza ndege m'mwamba, zazikulu ndi zazing'ono, zodulidwa bwino ndi zodulidwa ngati zalumidwa ndi mbewa, zonse zikuuluka. Namzeze ankathamanga pakati pa anzake akukuwa kuti amenewo ndi amayi ake. Mphunzitsi wamkulu anamuuza telala kuti teremu ya mawa malo ndi ake, ndipo masukulu ena awiri afunsa kale. Koma mpando wakumbuyo unali wopanda munthu. Telala anali atawatumizira achemwali uthenga pamodzi ndi patani yatsopanoyo, ndipo foni inaonetsa kuti awerenga, koma sanayankhe.

Tsiku lotsekera sukulu, masana, kunamveka kugogoda. Namzeze anathawira kuchipinda. Chikwama chinali cholongedza, chifukwa telala sankafuna kuti ziwoneke ngati akuzemba pangano. Anali atakonza mawu ambiri oti anene, koma ataona nkhope ya achemwali ake mawu onsewo anabalalika.

Achemwali anakhala pampando, kutsegula kachikwama kam'manja, n'kutulutsa ndege yopunduka ya tsiku lija. Anaiika patebulo. Anapisanso dzanja n'kutulutsa ina, yatsopano, yosindikizidwa kuseri kwa pepala la muofesi.

"Pulinta ya kuntchito kwathu," anatero, "ndi yoipitsitsa padziko lonse. Imatafuna mapepala, imalemba mopendekera, tonse timaitukwana. Ndinati ndiyesere pa imeneyo kuti ndidzakuuze zoona ndili ndi umboni."

Anaimirira, mayi wa ulemu wake, wa nsapato zazitali, n'kukoka mkono kumbuyo ngati kamtsikana. Ndege inadutsa pamwamba pa tebulo lodulira, kulowa pakhomo la kuchipinda, ndipo m'katimo munamveka kamawu: "Ayi! Yanditera pamutu!"

"Abwana anga atenga zitatu za ana awo," anapitiriza achemwali akukonza bulauzi. "Akuti kusukulu ya ana awo akufuna nambala yako. Ndinakunyoza, mng'ono wanga. Ndinkaopa, n'chifukwa chake."

"Ndiye mwana, achemwali?"

"Mwana wa ndani? Ine ndabwera kudzaona chikwama changa. Namzeze! Tabwera utsitse zovala zako umu. Mayi ako akuyenda m'masukulu a anthu mapepala ali m'thumba la pulasitiki, akutichititsa manyazi."

Telala anafuna kuthokoza, koma pakamwa panakana, ulendo uno osati chifukwa cha matenda. Anangogwira dzanja la achemwali ake ndi dzanja lake lamanja, n'kufinya.

"Iwe, ukundipweteka," anatero achemwali, misozi ili m'masaya.

Lero mukadzaona mayi akukoka chikwama chabuluu chamatayala kulowa pageti la sukulu, ana akumuthamangira, ndi yemweyo. Dzanja silinachire lonse, ndipo suti sadzadulanso. Mapatani amajambulirabe kunyumba, patebulo lalitali lija, n'kumatumiza pafoni kwa aphunzitsi ndi makolo amene sanawaonepo. Namzeze amafika kusukulu belu lisanalire, ndipo wayambiranso kusakhala pansi, moti aneba akudandaula.

Tsono inu amene ndinakuuzani kuti mukoke mpando, mvetserani. Mwina nanunso chinachake chakugwani m'manja, ndipo kuseri kwa chitseko chanu kwaima chikwama chimene mukuopa kuchiyang'ana. Mwina munayesa, anthu n'kukusekani holo yonse. Lirani, palibe choletsa. Koma m'mawa mutenge chimene chalephereka chija, muchiyang'anitsitse pa dzuwa, mufunse kuti chalakwika ndi chiyani kwenikweni. Zimene munaphunzira pa ntchito imene inakutayani sizinapite ndi ntchitoyo, zikadali m'manja mwanu, ngakhale manjawo akunjenjemera. Mtima wokhawo musautaye, abale anga. Tsegulani dirowa, tengani sizasi yanu, ndipo finyani.